Ugule Zokafika M'chigafa

Takondwa mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano, iwe uli ku Kapelula kotsanzikana ndi azakhali ako, ndipo ndati bola ndilembe. Ndikamayankhula pakamwa umandidula ndi ka "ndamva, amayi, ndamva" kako kaja, maso ali pa foni. Pepala sungalidule mawu. Kalatayi ndiyiika m'chikwama chako pansi pa jumbo ya mtedza wokazinga, poti ndikudziwa kuti Baibulo ukhoza kufika nalo ku Lilongwe usanalitsegule, koma mtedza sufika n'komwe pa Mponela.

Mawa ukukwera basi kukaphunzira ntchito yojambula nyimbo, ndipo ikatha miyezi yakoyo udzagula zipangizo za situdiyo yako ndi ndalama za fodya wathu wa chaka chino. Ndakondwa, mwana wanga, ndakondwa zedi. Dzulo ndinathira mchere kawiri mu nyemba, bambo ako n'kumaliza mbale yonse osazindikira, poti nawonso mutu suli pamodzi. Kumpingo ndauza aliyense amene anaima nane ngakhale pang'ono, mpaka abusa ayamba kundilambalala.

Za kompyuta ine sindizidziwa, ndipo sindikubisa. Zambiri zimene ndilembe pano wandiphunzitsa ndiwe wemwe, pondionetsa zithunzi pa foni yako mpaka maso kuwawa. Koma m'situdiyo ndalowamo katatu ndi kwaya yathu ya amayi, iwe usanadziwe kuti maiki amayankhulidwira mbali iti, ndipo ulendo uliwonse ndinabwerako ndi manyazi a mtundu wake. Manyazi amenewo ndikukupatsa ulere, ngakhale ine ndinawagula modula.

Ndiyambe ndi chimene ndikufuna ine, kuti usavutike kuchisaka m'mizere. Bambo ako anena kuti fodya basi, msana watopa, dzinja likubwerali tilima soya ndi mtedza, ndipo chigafa achigwetsa kuti mitengo yake ikamangire khola la mbuzi. Sindikuwatsutsa, fodya watidya mokwanira. Koma m'chigafa chimenecho ndi momwe takhala tikusokera fodya ine, aNamwale, aNyagondwe ndi anzathu ena kuyambira ndili wongokwatiwa kumene, ndipo nyimbo zimene timaimba posoka siziimbidwa kwina kulikonse. Kutchalitchi sizilowa, pamaliro siziyenera, paukwati akuluakulu angatithamangitse. Ndi nyimbo zonyogodola amuna athu, zodandaula mitengo ya ku okushoni, zoseka mkazi waulesi amene singano yake imagona pamwendo. Mabanja a anzangawo anasiya kale fodya, ndiye chigafa chathu ndicho chinatsala chotisonkhanitsa. Chikagwa, nyimbozo zigwa nacho. Pempho langa ndi limodzi basi: pogula zipangizo zakozo, ugule zoti zikhoza kunyamulidwa n'kufika m'chigafa.

Ulendo wanga woyamba wa ku situdiyo tinapita pa boma, nthawi ya makaseti, iwe uli kumsana. Mwini wake anali bambo wa tayi, ndipo ine nditaona tayi ndinavomera chilichonse. Anali ndi maiki amodzi okha, m'kachipinda kochepa ngati bafa, makoma ake atamatidwa matireyi a mazira. Anati tizilowa mmodzimmodzi, aliyense aimbe mawu ake payekha, iye adzalumikiza pambuyo. Anativeka mahedifoni momwe munkalira kanthu kakuti ti, ti, ti, kotiuza liwiro la nyimbo. Mwana wanga, aNamwale aimba pambali panga moyo wawo wonse, ndipo poyambira amapadziwa poona phewa langa likukwera. M'kachipindamo munalibe phewa la munthu. Anayamba mochedwa, anabwereza. Anayamba msanga, anabwerezanso. Pomaliza anatuluka thukuta lili kamukamu n'kundinong'oneza kuti, "Amnzanga, kuimba kwandithawa ine. Kapena pakhomo paja anakwirirapo kanthu?"

Nyimbo za kutchalitchi tinazikoka choncho mpaka zinatha. Nthawi itatsalako pang'ono ndinapempha kuti tiyese imodzi yosokera fodya, ija yakuti "Apita ku okushoni ndi mabelo, abwerako ndi chipewa." Bambo wa tayi analola kuti tilowe atatu mopanikizana. Ndinayambitsa, anzanga anayankha, koma nyimbo inali yozizira ngati phala la dzulo. ANyagondwe, amene Chitumbuka chimawabwerera akakwiya, anavula mahedifoni n'kunena kuti, "Nkhutondeka ine, mawoko ghali waka." Ankanena zoona, m'manja munalibe kanthu. Nyimbo zimene zija liwiro lake limachokera pa singano. Ukabaya tsinde la tsamba ndi pamene mawu amagwera, ukakoka chingwe ndi pamene anzako amayankha. Tinali titaimba zaka zonsezo osadziwa kuti ng'oma yathu ndi singano yosokera fodya.

Ndiye tamvera, Takondwa. Kabokosi kaja kolumikiza maiki ku kompyuta, kamene umati saundi kadi, usagule ka bowo limodzi ngakhale akutsitsire mtengo bwanji. Ka bowo limodzi n'ka mnyamata woimba yekha za chibwenzi chomuthawa. Kwathu kuno anthu amaimba chigulu, makwaya, magule, ana a sukulu, ndipo makasitomala ako adzakhala amenewo. Ugule ka mabowo anayi kapena kuposa apo. Ugulenso maiki awiri ofanana aja unandionetsa, oimika patsogolo pa gulu n'kumva anthu onse pamodzi, wa kumanzere n'kumveka kumanzere, wa kumanja kumanja. Uwonjezerepo amodzi olimba, oti akagwa pansi amadzuka, akhale a munthu wotsogolera nyimbo. Odula aja ogona m'bokosi la nsalu yofewa ayambe adikira, udzagula ukadzalemera. Ine ndikufuna oti akaikidwa pafupi ndi miyendo yathu amve singano ikubaya.

Za masipika ndili ndi mbiri yanga, ndipo ukafunsa kumpingo akuuza asanakupatse moni. Chaka chimene amayi tinasonkha zogulira sipika ya kwaya, anatuma ine poti ndimadziwa kunenerera. Nditalowa m'sitolo ndinaona sipika yofika m'chiuno, ya timagetsi tofiira ndi tabuluu tothwanima. Wogulitsa anaikamo nyimbo ya gule, simenti n'kumanjenjemera kumapazi, ine mtima n'kugwa pomwepo. Sindinayese n'komwe kuyankhulirapo. Lamulungu lotsatira aNamwale atangotsegula pakamwa, malata onse a tchalitchi anayankha, mileme ya kudenga n'kutuluka masanasana, liwu lomveka ngakhale limodzi panalibe. Potuluka mkulu wa mpingo wina anandifunsa mwaulemu wake wonse kuti, "Mayi, kodi mwatigulira chigayo?" Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Sipika ija lero imalira ku mpira wa anyamata, ndipo kumeneko ikuchita bwino.

Iwe wemwe unandiuza kuti masipika a m'situdiyo ntchito yake si kusangalatsa mwini, koma kunena zoona, kuti nyimbo ikaipa umve kuipa kwake usanaipereke kwa eni. Mawu ndi abwino amenewo. Koma tsiku lina ndinakuona ukusisita ndi chala chithunzi cha masipika akuluakulu ndi kiyibodi yaitali ngati chitseko, ndipo magazi anga ndimawadziwa. Ukalowa m'sitolo usalole kuti akuikire nyimbo yawo. Uike yako, imene ukuidziwa mpaka popumira woimba. Maiki amene ukufuna kugula uyankhulirepo, ujambule, umvetsere. Ukamva Takondwa wa ku Wimbe, gula. Ukamva mtsikana wina wa mawu osalala amene sunakumanepo naye, bweza. Mahedifoni ugule abwino otseka makutu, chifukwa masipika sudzapita nawo m'chigafa. Kiyibodi yaifupi ikukwana, zala uli nazo khumi zokha ngati ife tonse.

Ulendo wachiwiri unali wa nthawi ya ma CD, ndipo pamenepo mwini situdiyo analibe mlandu, moto ndinadzipalira ndekha. Anali mnyamata waulemu, anatijambula tonse pamodzi bwinobwino. Kenaka anandionetsa pa kompyuta kanthu kowongola mawu, koti munthu akaphonya pang'ono kamamubwezera pamzere. Ine kumva choncho ndinati, "Achimwene, ndiwongoleni ndimveke ngati a pa wailesi aja." Anawongola. Ndinati awonjezere. Anandiyang'ana kaye, n'kuwonjezera. Ndinamuuza awongolenso anzanga onse, achotse kuwomba m'manja kwathu aikemo ng'oma za mu kiyibodi. Tinabwerera kumudzi pa lole tikudzimva ngati anthu otchuka. CD tinaiika m'wailesi pabwalo pano, anthu atadzaza mpaka kunkhokwe. Bambo ako anamvetsera nyimbo yoyamba yonse mutu uli pansi, kenaka anati, "Aimba bwino. Ndi a mpingo wa kuti amenewa?" Ndinawauza kuti wotsogolerayo ndine, mkazi wawo. Iwo anati, "Ayi, amayi a Takondwa, inu ndimakudziwani. Mumakwera mawu ngati ngolo pa chitunda, mochita kukankha. Uyu wakwera pa galimoto." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo sabata imeneyo bambo ako tiyi ankadziphikira okha.

Kowongola mawuko nawe udzakhala nako, ndipo anthu adzakupempha monga ndinapemphera ine. Uzikathira ngati soda wa m'therere, kansonga ka supuni. ANyagondwe mawu awo ndi okhakhala, ndipo amatsetsereka asanafike pamalo, koma kutsetsereka komweko ndi kumene kumatiliza pamaliro. Ukadzakuchotsa udzandiona. Munthu akabwera kwa iwe akufuna kumveka ngati wina, umujambule momwe alili, umumvetse kaye. Ambiri sanadzimvepo, n'chifukwa chake amasirira mawu a eni.

Pulogalamu yojambulira usankhe imodzi, uidziwe mpaka m'makona. Wandiuza kuti zilipo zambiri, ina yokoma popanga ng'oma za achinyamata, ina yokoma pojambula anthu ambiri nthawi imodzi, ina yaulere. Ufunse aphunzitsi ako kuti yojambula gulu popanda kulemetsa kompyuta ndi iti. Ufunsenso kuti anzako a masitudiyo ena akugwiritsa ntchito iti, kuti ukadzakakamira penapake udzakhale ndi womuimbira foni. Safunsa anadya phula. Anyamata a m'kalasi mwako adzakuuza kuti iwo ali ndi mapulogalamu onse m'kompyuta imodzi. Uwayamikire, kenaka uwapemphe akumvetse nyimbo imodzi imene anaimaliza.

Ndipo usagule yakuba, ngakhale akuikire pa mtengo wa mandasi. Ine ndinagulapo mbewu ya chimanga pa msika wa Santhe, kwa bambo wina wokoma pakamwa amene anati ndi yomweyo ya m'sitolo, kungoti thumba linang'ambika. Inali yopakidwa mankhwala obiriwira bwino, manja anga n'kubiriwira podzala, ine n'kumayenda m'mudzi ndikuwaonetsa. Kumera inamera, kukula inakula, koma zisononkho zake zinali ngati zala za mwana. Chinali chimanga cha m'nkhokwe ya munthu chopakidwa utoto. Nditabwerera ku msika, pamalo pa bambo uja panali wogulitsa nsapato, ndipo anandiyang'ana ngati ndapenga. Chinthu chakuba chikakuvuta ulibe kokadandaula, ndipo chimasankha tsiku lomwe situdiyo yadzaza anthu. Ngati yogula yakukulira mtengo, tenga yaulere yovomerezekayo, uyambire pomwepo mtima uli m'malo.

Ulendo wachitatu ndi umene umandiwawabe, ngakhale anzanga amauseka. Tinapeza situdiyo yabwino, mwini wake wodekha, ndipo tsiku limenelo tinaimba monga sitinaimbirepo. ANamwale mpaka anati, "Lero ndiye taimba, ngakhale nditafa mawa ndilibe nazo." Pa nthawi yopuma mwini situdiyo anafuna kukopera nyimbo zathu pa fulashi, ine n'kumuletsa kuti tisataye nthawi, lole ingatisiye. Tili mkati mwa nyimbo yotsiriza magetsi anazima. Atayakanso, kompyuta inadzuka ngati munthu wogwa mumtengo, yosakumbuka ngakhale dzina lake. Bamboyo anatsegula apa, anatsegula apo, anaizimitsa, anaiyatsa, kenaka anapinda manja n'kunena kuti, "Amayi, pepani, zapita." Lole sinatisiye ayi. Tinakwera bwinobwino nthawi yake, tilibe nyimbo ngakhale imodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga, wa pachala ndi wa mphepo.

Choncho kompyuta ugule ya laputopu, yokhala ndi batire lake, kuti magetsi akazima iyo izingophethira n'kupitiriza. Kukongola kwa chivundikiro kusakutenge mtima, ufunse za mkati: mphamvu zake, malo ake osungira, ndiponso ngati siipuma mokweza ikatentha, poti unati maiki abwino amamva zonse. Ugule ndi kabokosi kapadera kosungiramo nyimbo, ndipo nyimbo iliyonse izigona malo awiri, monga ndimachitira ndi mbewu ya nyemba, ina m'chigubu muno ina kwa azakhali ako. Usaiwale koteteza zipangizo magetsi akabwera mwaukali. Koma koposa zonse, Takondwa, ugule kojambulira ka m'manja kaja koyendera mabatire, kamene unati kamalandira maiki popanda kompyuta. Unakadumpha msanga pa foni, unati n'ka atolankhani. Ine ndinakaona, ndipo pa zonse zimene unandionetsa kameneko ndiko kanga. M'chigafa mulibe soketi. Ugulenso tizipewa taubweya toveka maiki, chifukwa mphepo ya kuno ikanyamuka sipeza choiimitsa, ndipo sindikufuna kuti zidzukulu zanga zidzamve mphepo m'malo mwa agogo awo.

Chilichonse chimene wachigwira m'sitolo ufunse kuti chikafa akonza ndani. Apa ndibwereke bambo ako, poti zolakwa si zanga zokha m'nyumba muno. Pampu ija ili kuseri kwa bafa, imene nkhuku zimaikiramo mazira, anaigula monyadira kuti ndi yachilendo, palibe wina ali nayo m'dera lonse lino. Ankanena zoona. Kamphira kake kakang'ono katatha, panalibenso wina wokhala nako m'dera lonse lino. Iwe ugule zimene amisiri akuzidziwa, zokhala ndi risiti ndi chikalata choti zikavuta ubweze. Zakale zogwiritsidwapo ntchito si zoipa, bola uziyese pamaso pa mwini wake, bowo lililonse ndi batani lililonse, ngakhale akhale akuyang'ana wotchi. Zingwe ugule zazitali ndi zapadera, ndipo uphunzire kuzilumikiza wekha zikaduka. Nsalu zovundikira ndikusokera ine, fumbi la Kasungu umalidziwa, limalowa ngakhale m'botolo lotseka.

Tsopano za anthu. Pakhomo pa situdiyo yako padzafika abambo amene adzakupatse moni n'kufunsa kuti, "Kodi eni ake alipo?" Usakwiye. Uwapatse mpando, uwaveke mahedifoni, pofika nyimbo yachiwiri adzakhala akukuti abwana. Padzafikanso amayi ngati ine, ovala yunifolomu yosita bwino koma ali ndi mantha. Amenewo uwapatse madzi, uwalole aime momwe amaimira kwawo, oyandikana aziyandikana, ovina azivina. Ukaona kuti akuopa maiki, uwauze kuti tikungoyeserera, iwe n'kudina kale chojambulira mwakachetechete. Nyimbo yabwino kawirikawiri ndi ija anthu amaimba asanadziwe kuti yayamba. Ndipo zipangizo zako usabwereketse pa ukwati wa munthu aliyense, ngakhale atakhala mwana wa malume ako. Ukawakana udzanene kuti akuletsa ndi amayi, ine kudedwa ndinakuzolowera.

Za ku tauni sindichulutsa, si iwe mwana. Udye, upemphere, ugone nthawi yake. Makutu ako ndiwo khasu lako tsopano, usawaphe ndi phokoso la m'mahedifoni. Mnyamata amene adzakuuze kuti mawu ako ndi okoma, umuthokoze, tonse tikudziwa kuti kuimba unatengera bambo ako ndipo n'chifukwa chake wasankha kukhala kuseri kwa kompyuta. Amene adzakunyamulire zitsulo zoimikira maiki osadandaula, ameneyo ubwere naye tidzamuone.

Pali chinthu chimodzi chimene chakhala chikundidya mumtima, ndipo sindinafune kukuuza pamaso kuti ndingakuwonongere chimwemwe. Ngakhale utagula zonse zimene ndalembazi, udzatijambula tikusoka chiyani? Fodya ndiye tasiya. Sabata yatha ndinaitana anzanga kuti tiyese ndi masamba a mango. Tinakhala pansi m'chigafa, tinatulutsa masingano, tinayamba. Tsamba la mango ndi louma, lilibe utomoni, singano imangodutsa osalira. ANamwale anataya chingwe n'kunena kuti, "Amnzanga, tisanamizane, awa ndi masanje." Tinaganiza zokapempha m'chigafa cha ena amene akulimabe, koma kwa eni sunganyogodole mwamuna wako momasuka, ndipo masiku ano amalemba aganyu osoka wailesi ikulira. Tinangobalalika. Ndinali nditavomera kuti udzatijambula manja ali opanda kanthu, ngati kwa bambo wa tayi, ndipo ndimadziwa momwe zidzamvekere.

Apa ndinaima kulemba chifukwa cholembera chinatha inki, ndipo ndinanyamuka kukafunsa bambo ako ngati ali ndi china. M'nyumba munalibe. Kuchigafa kunalibe. Ndinaona kuti keni yothiririra palibe pa msomali pake, ndiye ndinatsika kudimba. Ndinawapeza atawerama pa bedi limodzi laling'ono, kumapeto kwenikweni kuseri kwa nthochi, akuyala udzu. M'mbali mwa bedilo munali phulusa la mapesi. Atandiona anaimirira msanga n'kuika keni kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

Ndinati, "Kodi mukufesa chiyani, bambo a Takondwa?"

Anati, "Mpiru."

Ndinati, "Mpiru wa chaka chino ukufuna bedi lowotcha ndi mapesi ngati nazale ya fodya?"

Anayang'ana kumwamba, anayang'ana nthochi, anakanda m'mutu. Kenaka anati, "Ndi mizere yochepa chabe. Wodzaza mbali imodzi ya chigafa. Si wogulitsa."

Ndinati, "Nanga msana uja? Nanga khola la mbuzi?"

Iwo anati, "Mbuzi zagona panja zaka zonsezi, sizinadandaule. Kodi mumafuna mwanayo abwere ndi makina ake onsewo kudzajambula anthu akusoka mphepo? Ndinakumvani tsiku lija ndi masamba a mango. Ndinachita manyazi ine."

Mwana wanga, bambo ako ndi amene timawaimba m'nyimbo zimene zija. Wa chipewa uja ndi iwowo, ndipo akudziwa. Zaka zonsezi akhala akupachika mikangala, timitengo toyanikapo fodya wosoka, pamwamba pa mitu yathu, ife pansi tikuwanyogodola, iwo osayankha. Lero afesa nazale ndi msana wowawa kuti tidzawanyogodole komaliza pa maiki. Ndinalira pomwepo kudimba, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Iwo anandipatsa keni n'kunena kuti ngati ndili ndi madzi ambiri choncho ndithirire bedi.

Cholembera ndabwereka kwa aphunzitsi, n'chifukwa chake inki yasintha. Ndiye nazale yafesedwa, Takondwa. Mvula ikagwa tiwokera, ndipo mwezi wa Febuluwale masamba a pansi adzayamba kupsa. Fodya akapsa sadikira munthu, ngakhale wa satifiketi. Uphunzire mwakhama, ugule mwanzeru, ndipo zikavuta kusankha pakati pa ziwiri, utenge chimene ungathe kuchimanga pa njinga. Tidzakusiyira malo pakati pa chigafa, pouma, pomwe denga silidontha. Udzatipeza takhala kale pansi, miyendo titatambasula, masamba ali pamiyendo, masingano ali m'manja, bambo ako ali pamwamba ndi mikangala yawo akunamizira kuti sakumva. Zaka zonsezi nyimbo ndakhala ndikuyambitsa ndine. Tsiku limenelo sindidzatsegula pakamwa mpaka iwe utakweza dzanja.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere popita, ndipo akubweze masamba asanapse.

Ndine mayi ako,
Nachisale